Masitolo akuluakulu atiuze amene anamumvera, osati cheke chokha

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhulepo pa zithunzi zimene zimatuluka kawirikawiri pa tsamba lanu la zamalonda, zoonetsa mkulu wa sitolo ina yaikulu atanyamula chicheke cha katoni, akumwetulira pakati pa ana asukulu kapena anamwino. Pansi pake mumalemba kuti kampaniyo ikukwaniritsa udindo wake pa anthu, ndipo chaka chikamatha imatulutsa lipoti la mapepala onyezimira lonena kuti yakambirana ndi mbali zonse zokhudzidwa. Mphatsozo sindikudana nazo ayi. Chipatala chikalandira mabedi, odwala agonapo ndithu. Chandilembetsa kalatayi ndi mawu akuti takambiranawo, chifukwa ndinagwira ntchito zaka zambiri m'kampani ina ya masitolo, poyamba pa tilu kenako mu ofesi yogula katundu, ndipo maminitsi a misonkhano yotereyi ndinalembapo ndi dzanja langali.

Sitolo siilima, siisoka, siipanga kanthu. Imagula kwa uyu n'kugulitsa kwa uyo, basi. Ndiye mphamvu zake zonse zagona pa zinthu zochepa: ndani aike katundu wake pa shelefu, amugule pa mtengo wanji, amulipire liti, komanso anthu ogwira ntchito alembedwe motani ndi kugawiridwa mashifiti motani. Ngati sitolo ili ndi udindo pa anthu, umaonekera pamenepo. Ndalama ya pa cheke ija ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene imadutsa mu ofesi yogula katundu pa sabata imodzi yokha, koma ku ofesi imeneyo atolankhani saitanidwako.

Msonkhano wa okhudzidwa umayenda chonchi, ndipo amene anakhalapo m'makampani oterewa andivomereza. Tsiku, malo, mitu yokambirana ndi mayina a oitanidwa, zonse imasankha ndi kampani. Kumabwera a mabungwe omwe si aboma amene anazolowerana kale ndi kampaniyo, ena mwa iwo olandira thandizo kuchokera komweko. Kumabwera wa ku khonsolo, operekera katundu akuluakulu awiri kapena atatu, ndi wogwira ntchito mmodzi amene manejala wamuona kuti ndi wofatsa. Aliyense amalandira pepala la mitu, monga majumbo apulasitiki, kusamala magetsi, zinyalala, maphunziro a ana, ndipo amauzidwa kuti achonge umene akuuona wofunika kwambiri. Mayankho aja amawaphatikiza n'kujambula tchati chokongola chokalowa mu lipoti. Njirayi payokha si yoipa. Bungwe la Global Reporting Initiative, lomwe linayamba mu 1997 ndipo malangizo ake olembera malipoti otere amatsatidwa ndi makampani ambiri padziko, limafunadi kuti kampani ifotokoze anthu amene imakambirana nawo ndi mmene imawasankhira. Vuto n'lakuti mutu umene sunalembedwe pa pepala palibe angauchonge. Pa mapepala amene ine ndinkagawa, funso loti kodi timakulipirani pa nthawi yake silinkapezekapo.

Ndiye pali anthu amene sadziwa n'komwe kuti kuli msonkhano. Mlonda amene amachezera pakhomo usiku wonse, mayi amene amakolopa sitolo isanatsegulidwe, anyamata otsitsa makatoni kuseri. Ambiri mwa awa amalembedwa ndi kampani ina imene inapatsidwa kontrakiti, choncho pa pepala si anthu a sitoloyo. Lipoti likamanena kuti ogwira ntchito athu onse amalandira zakutizakuti, iwowa sali m'gulumo. Chonsecho malipiro awo amatsika chifukwa cha sitolo yomweyo, imene imapereka kontrakiti kwa amene watchula mtengo wotsikitsitsa, osafunsa kuti pa mtengo umenewo mlonda atsala ndi chiyani.

Ngakhale woitanidwayo, kodi angalankhule? Ndikukumbukira mayi wina amene ankatipangira sopo ndi makandulo, bizinesi yaing'ono ya anthu owerengeka. Chaka china anamuitana kuti aimire operekera katundu ang'onoang'ono. Anamukhazika moyang'anizana ndi bwana amene ankasankha katundu wolowa ndi wotuluka pa shelefu. Atafunsidwa ngati ali ndi dandaulo anangoti, "Zonse zili bwino, bwana, tikuthokoza kwambiri." Ine ndinalemba momwemo m'maminitsi, poti ndi zimene ananena. Titatuluka ananditsatira m'khonde n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, kodi invoisi yanga ija yafika pati? A ngongole akundisowetsa tulo." Anali atakongola ndalama yogulira zipangizo za oda yathu, ndipo chiwongoladzanja chinkakwera iye akudikira.

Owerenga ena mwina sadziwa mmene zimenezi zimayendera. Kasitomala amalipira pa tilu tsiku lomwelo. Katundu woyenda msanga amatha pa shelefu m'masabata ochepa. Koma woperekera katundu amauzidwa kuti adikire masiku 60, pena 90, ndipo tsikulo likafika amapeza kuti amudula ndalama ina: ya katundu amene akuti anawonongeka, ya pulomoshoni imene iye sanaipemphe, ya malo abwino pa shelefu. Kunena mosabisa, wamng'onoyo ndiye amakhala akukongoza wamkulu, popanda chiwongoladzanja. Akadandaula mokweza, oda ya mwezi wotsatira siibwera, ndipo palibe amamuuza chifukwa chake. Munthu wotere kumufunsa maganizo pamaso pa bwana uja n'kungomuvutitsa.

Yerekezani ndi mmene kampani yomweyo imakambirana ndi eni masheya. Msonkhano wawo wapachaka ndi wa lamulo. Amalandiriratu mabuku a ndalama ofufuzidwa bwino, amafunsa mafunso, amavota, ndipo angathe kuchotsa akuluakulu a bodi. Palibe amawapatsa pepala loti achonge. Kampani imawamvera chifukwa mawu awo angathe kuchotsa munthu ntchito.

Mkangano woti kampani ndi ya yani ndi wakale. Mu 1970 katswiri wa zachuma Milton Friedman analemba mu New York Times kuti udindo wa bizinesi pa anthu ndi kuchulukitsa phindu lake. Mu 1984 R. Edward Freeman anatulutsa buku limene linatchukitsa ganizo loti kampani iziganizira onse amene zochita zake zimawakhudza. Pofika mu 2019, akuluakulu a makampani 181 a ku America, m'bungwe lawo la Business Roundtable, anasainira chikalata cholonjeza kutumikira makasitomala, ogwira ntchito, operekera katundu ndi anthu a m'madera awo, osati eni masheya okha. Chaka chotsatira kunagwa Covid-19. Masitolo a zovala ku Ulaya ndi ku America atatsekedwa, makampani ambiri anathetsa kapena kuimitsa maoda ku Bangladesh, ena a zovala zosokedwa kale, ndipo bungwe la eni mafakitale a zovala kumeneko linati maodawo anali a ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni. Osoka ambiri anabwezedwa kunyumba chimanjamanja. Makampani ena anadzalipira pambuyo poti anthu awakalipira kwambiri pa intaneti. Ambiri mwa makampani amenewa anali ndi malipoti okongola onena za kukambirana ndi okhudzidwa.

Masitolo amakonda kuyankha kuti amatumiza ofufuza m'mafakitale. Zoona, amatumizadi. Koma taonani zimene zinachitika ku Karachi m'dziko la Pakistan mu Sepitembala 2012. Fakitale ya zovala ya Ali Enterprises, imene inkasokera kwambiri masitolo a KiK a ku Germany, inapsa n'kupha anthu oposa 250. Mawindo anali ndi zitsulo, ndipo anthu analephera kutulukira m'makomo othawirapo. Masabata ochepa izi zisanachitike, fakitale yomweyo inali italandira satifiketi yotchedwa SA8000, yotsimikizira kuti malowo ndi oyenera kugwirapo ntchito. N'zosadabwitsa kwa amene anaonapo kafukufuku wotere. Kawirikawiri tsiku lofika wofufuza limadziwika, amene amamulipira ndi fakitale yomweyo kapena sitolo yogulako, ndipo ogwira ntchito amafunsidwa mafunso mkati mwa mpanda wa abwana awo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Patangopita miyezi 7, pa 24 Epulo 2013, nyumba ya Rana Plaza ya nsanjika 8 inagwa ku Savar, kufupi ndi Dhaka, likulu la Bangladesh. Anthu 1,134 anafa ndipo pafupifupi 2,500 anavulala. Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti ming'alu inaoneka dzulo lake. Banki ndi masitolo amene anali m'zipinda zam'munsi anatseka. Osoka a m'mafakitale a pamwamba anaiona ming'aluyo, ena anakana kulowa, koma anawakakamiza, ena powaopseza kuti sawapatsa malipiro a mweziwo. Chidziwitso chinalipo, ndipo chinali ndi anthu oyenera. Analibe njira yoti mawu awo aimitse makina. Pambuyo pake anthu anachita kutola zizindikiro za zovala m'zigumukire kuti adziwe masitolo amene ankasoketsa kumeneko, chifukwa makampani ena sankadziwa bwinobwino, kapena sankafuna kuvomera, kuti zovala zawo zinkachokera m'nyumbayo.

Chimene chinatsatira ndi chitsanzo chabwino koposa chimene ine ndikuchidziwa cha kukambirana kwenikweni. Mu Meyi 2013 kunasainidwa pangano loteteza osoka ku moto ndi kugwa kwa nyumba, lotchedwa Accord on Fire and Building Safety in Bangladesh. Mbali imodzi kunali makampani a masitolo ndi a zovala, amene m'kupita kwa nthawi anapitirira 200. Mbali inayo kunali mabungwe a ogwira ntchito, awiri a padziko lonse, IndustriALL ndi UNI, pamodzi ndi a m'dzikomo, ndipo wapampando anachokera ku ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito. Apa ogwira ntchito sanabwere ngati alendo oitanidwa kudzamwa tiyi. Anasainira nawo, ndipo m'komiti yoyendetsa anali ndi mipando yofanana ndi ya makampani. Mainjiniya oima paokha anayendera mafakitale oposa 1,600, ndipo malipoti awo ankaikidwa poyera kuti aliyense awerenge. Wosoka anapatsidwa ufulu wokana kulowa m'nyumba yoopsa, ndi njira yodandaulira mwachinsinsi. Fakitale yokana kukonza zolakwika inkatayidwa ndi makampani onse osainira. Koposa zonse, panganoli linali lomanga mwa lamulo, moti kampani yoswa inkatha kutengeredwa kwa oweruza, ndipo mabungwe aja anatengerako makampani ena. Masitolo ena akuluakulu a ku America, monga Walmart ndi Gap, anakana kulowamo n'kuyambitsa dongosolo lawolawo. Panganoli silinathetse mavuto onse, malipiro a osoka akadali otsika, koma mawaya a magetsi anakonzedwa, zitseko zothawirapo moto zinaikidwa, ndipo pano linafalikira mpaka ku Pakistan.

Ku Florida m'dziko la America kuli chinthu chofananako. Othyola tomato, kudzera m'bungwe lawo la Coalition of Immokalee Workers, analemba okha malamulo a kagwiridwe ka ntchito m'minda, ndipo mu 2011 anayambitsa Fair Food Program. Makampani ogula amalipira kandalama kowonjezera kopita kwa othyolawo, ndipo amalonjeza mwa lamulo kusiya kugula kwa mwini munda amene waswa malamulowo. Walmart yomwe ija inalowamo mu 2014. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo apa amene anamva ululu ndi amene analemba malamulo.

Nanga za operekera katundu ngati mayi wa sopo uja? Ku Britain anazindikira kuti anthu otere sangalankhule pamaso pa amene amawagula. Mu 2013 anakhazikitsa ofesi ya Groceries Code Adjudicator yoyang'anira mmene masitolo akuluakulu amachitira ndi owaperekera katundu, ndipo woyamba kukhala pa mpandowo anali mayi Christine Tacon. Lamulo limamuletsa woweruzayo kuulula dzina la wodandaula. Chaka ndi chaka ofesiyo imafunsa operekera katundu mwachinsinsi n'kusindikiza mndandanda woonetsa sitolo imene ikutsata bwino malamulo ndi imene ili kumchira. Mu Januwale 2016 mayiyu anatulutsa lipoti loti Tesco, sitolo yaikulu kuposa zonse m'dzikolo, inaswa malamulo pochedwetsa malipiro a operekera katundu, pena mwadala pofuna kuti mabuku ake aoneke bwino. Wina anadikira zaka zoposa ziwiri kuti abwezeredwe mapaundi mamiliyoni. Tesco inapepesa ndipo inasintha kachitidwe kake. Pa nthawi yonse imene izi zinkachitika, kampaniyo inkatulutsa malipoti a udindo wake pa anthu monga amachitira anzake onse. Zinaululika pamene anthu anapeza pokanena popanda kuopa kutaya oda.

Ndisaoneke ngati ndikunena kuti m'masitolo muli anthu oipa mtima. Amene ankayang'anira za udindo wa kampani kumene ndinkagwira anali mayi wakhama, wokonda anthu, ndipo ankabwera ku ofesi yathu ndi madandaulo enieni amene anawamva. Koma iye anali pansi pa nthambi yotsatsa malonda, pamodzi ndi okonza zikwangwani. Analibe mphamvu yosintha mtengo kapena tsiku lolipira. Ife ogula katundu bonasi yathu inkawerengedwa pa phindu limene tafinya pa katundu aliyense. Palibe amene anauzidwapo kuti uzunze wopanga sopo, koma aliyense ankadziwa chimene chimakweza munthu pa ntchito. Kampani ikafuna kudziwika kuti ikunena zoona, ione mmene imawerengera bonasi ya ogula katundu. Ikaikamo kulipira pa nthawi yake, muona mainvoisi akuyenda mofulumira mwezi womwewo.

Nafenso makasitomala tili ndi mbali yathu. Pa pepala la mafunso tonse timachonga kuti timafuna katundu wopangidwa mwachilungamo. Tikafika pa shelefu dzanja limapita pa chotchipa, ndipo sindingadzudzule munthu amene m'thumba mwake muli mochepa. Sitolo imamvera tilu kuposa pepala, ndipo phindu la masitolo ambiri pa katundu mmodzi ndi laling'ono ndithu. N'chifukwa chake sitolo imodzi ikafuna kuchita bwino yokha imaopa kuti anzake aipitirira. Pangano la ku Bangladesh ndi ofesi ya ku Britain ija zinathandiza chifukwa zinamanga masitolo ambiri pamodzi, wina sanathe kutchipitsa katundu pozembera lamulo. Mayiko ena atsata njira yomweyo. France mu 2017 inapanga lamulo lokakamiza makampani ake akuluakulu kukhala ndi ndondomeko yopewera kuphwanya ufulu wa anthu ngakhale kwa amene amawaperekera katundu. Mfundo za bungwe la United Nations zokhudza bizinesi ndi ufulu wa anthu, zimene zinavomerezedwa mu 2011, nazonso zimanena kuti kampani ikambirane mwatanthauzo ndi anthu amene angapwetekedwe ndi zochita zake, komanso ikhale ndi njira yolandirira madandaulo imene anthuwo angaikhulupirire. Kabokosi ka maganizo kopachikidwa pafupi ndi ofesi ya manejala, kiyi wake n'kumasunga manejala yemweyo, sikakwanira pamenepo.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, n'lakuti mtolankhani wanu akaitanidwanso kukajambula cheke, ajambule ndithu, koma asabwerere ndi chithunzi chokha. Afunse mkulu wa sitoloyo kuti chaka chathachi ndi chiyani chimene kampani inasintha chifukwa choti wina wa kunja kwa bodi anadandaula, ndipo atchule chinthucho. Ngati yankho ndi loti tinamva maganizo ambiri othandiza, alembe momwemo, owerenga adzionera okha. Afunse ngati ogwira ntchito ali ndi bungwe lawo, ndipo ngati amene amawaimira pa msonkhano anamusankha ndi anzake kapena ndi manejala. Afunse za alonda ndi okolopa, kuti kodi sitolo ikudziwa zimene amalandira. Akatero apite kuseri kumene amatsitsira katundu, acheze ndi operekera katundu ang'onoang'ono amene amakhala pa mzere ndi mapepala m'manja, awalonjeze kuti mayina awo satuluka, ndipo lonjezolo alisunge, chifukwa dzina likangotuluka munthuyo wataya msika.

Funso limodzi asaliiwale, loti sitolo imatenga masiku angati kuti ilipire invoisi, ndipo ndi mainvoisi angati amene amalipidwa tsiku lolonjezedwa litadutsa. Nambala imeneyi ili m'kompyuta ya kampani iliyonse, akaunti angaitulutse tiyi asanazizire. Ku Britain, kuyambira mu 2017, makampani akuluakulu amakakamizidwa ndi lamulo kuiulula kawiri pa chaka pa tsamba la boma la pa intaneti, ndipo aliyense angathe kuiona. Inu simufunika kudikira lamulo. Tumizani funsoli ku masitolo onse akuluakulu amene amatsatsa malonda mu nyuzipepala yanu, musindikize mayankho awo pa tsamba limodzi, ndipo pa dzina la amene wakana kuyankha mulembe kuti anakana.

Ine wanu,
Wowerenga amene kale anali wogula katundu m'kampani ya masitolo